Msewu wa pa Phiri la Swartberg ndi Chigwa Chimene Anthu Adachokamo

M'maboma onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, palibe mudzi umene sulira msewu. Mfumu ikaitana msonkhano wa chitukuko, mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwa anthu amakhala a msewu ndi mlatho, pakuti aliyense amadziŵa kuŵaŵa kwa kusenza thumba la chimanga pamutu, kapena kunyamula wodwala pamachira usiku. M'nkhani yathu ya lero tichoka kwathu kuno ndi kupita ku dziko la South Africa. Sitipita ku Joni kumene agogo athu ankakumba golide, koma kumwera kwenikweni, m'chigawo cha Western Cape, kumene kuli misewu iŵiri yafumbi yodutsa m'mapiri ndi m'chipululu. Alendo ochokera m'maiko ambiri amayendetsamo galimoto pofuna kungoona kukongola kwa dziko. Ife tifuna kufunsa mafunso aŵiri amene mlendo wojambula zithunzi safunsa kaŵirikaŵiri. Kodi misewuyo adaimanga ndani? Nanga idaŵachita chiyani anthu amene ankailira?

Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Munthu akachoka m'mbali mwa nyanja yamchere, kufupi ndi tauni ya George, nalunjika kumpoto, amakumana ndi mizere iŵiri ya mapiri yogona kuchokera kum'maŵa kupita kumadzulo. Mzere woyamba ndi mapiri a Outeniqua. Kuseri kwake kuli chigwa chachikulu chotchedwa Little Karoo, ndipo tauni yake yaikulu ndi Oudtshoorn, yotchuka ndi ulimi wa nthiŵatiŵa. Mzere wachiŵiri ndi Swartberg, dzina la chinenero cha Afrikaans lotanthauza kuti phiri lakuda. Nsonga yake yaitali koposa imafika mamita 2,325. Kuseri kwa Swartberg ndiko kuli Great Karoo, dziko louma lotambalala mpaka kumene maso alekeza, lomera tizitsamba tating'onoting'ono, kumene nkhosa imodzi imafuna malo aakulu kuti ikhute. Ku Prince Albert, tauni imene ili patsinde pa phirilo mbali ya kumpoto, mvula siifika mamilimita 200 m'zaka zambiri, pamene Lilongwe amalandira yoposa mamilimita 800. Dzina lakuti Karoo lidachokera kwa Akhoikhoi, amene ankaŵeta ziŵeto zawo kumeneko azungu asanafike.

Tsono tiyerekeze kuti takwera galimoto ku Oudtshoorn m'maŵa. Poyamba msewu ndi watala, ndipo umadutsa m'minda ndi m'makola a nthiŵatiŵa, kenaka pafupi ndi mapanga otchuka a Cango. Patsinde pa phiri tala amatha, ndipo kuyambira pamenepo ndi fumbi ndi miyala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25. Msewu ndi wopapatiza, kotero kuti m'malo ena galimoto ziŵiri zikakumana, imodzi imayenera kuima. Dalaivala amakwera ndi giya yaing'ono mpaka afike pamwamba penipeni, pamene eni dziko amati Die Top, mamita 1,583 kuchokera pa nyanja yamchere. Anthu a ku Dedza adziŵe kuti msinkhu umenewu ndi wofanana ndi wa tauni yawo. Pamenepo mphepo imaomba kosaleka, ndipo m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti pamagwa chipale chofeŵa chimene nthaŵi zina chimatseketsa msewu. Ukayang'ana kumwera umaona minda ya Little Karoo; ukachewukira kumpoto umaona chipululu chofiirira chopanda malire.

Kutsika kwake ndiye koopsa ndiponso kokongola. Msewu umapindika ndi kubwerera pambuyo kangapo pa phompho, monga amadziŵira aliyense amene adakwerapo makhota 20 a msewu wochokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia. Potsiriza umaloŵa mumpata wakuya, ndipo apa mlendo amadabwa kuona kuti phiri lakuda lija silakuda konse. Matanthwe ake ndi ofiira ndi achikasu, oima chilili mbali zonse ziŵiri, ndipo mizere ya mwala idapindika ngati mphasa yokulungidwa. Akatswiri a miyala amati kupindikaku kudachitika zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, pamene nthaka idakankhana yokhayokha. Pansi pake pamayenda kamtsinje ka madzi oyera, kamene mpaka lero kamamwetsa tauni ya Prince Albert ndi minda yake ya nkhuyu ndi azitona.

Amene adamanga msewu umenewu sankaganiza za alendo oona malo ayi. Ankaganiza za ngolo. Alimi a ku Little Karoo ankalima fodya, tirigu ndi zipatso, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1860 adayamba kuŵeta nthiŵatiŵa chifukwa nthenga zake zinkagulidwa pa mtengo wokwera ku Ulaya. Msika unali kumpoto. Miyala ya dayamondi idapezeka mu 1867, ndipo posakhalitsa Kimberley idasanduka mzinda wa anthu ambiri ofuna chakudya. Njanji yochokera ku Cape Town idadutsa kumpoto kwa Swartberg, nifika ku Beaufort West mu 1880. Koma pakati pa alimi ndi njanjiyo panali phiri.

Njira zinalipo kale ziŵiri, zonse zotsata mitsinje imene idaboola phirilo. Ya Meiringspoort idatsegulidwa mu 1858, ndipo ya Seweweekspoort idatha mu 1862. Koma akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Msewu wa Meiringspoort umaoloka mtsinje womwewo maulendo 25, ndipo mvula ikagwa kumtunda, madzi ankasefukira ndi kukokolola zonse, ngolo nkumadikira masabata ambiri. Njirazi zinalinso kutali ndi anthu a pakati. Nchifukwa chake anthu a ku Oudtshoorn ndi ku Prince Albert adapempha boma la Cape kuti liŵamangire msewu wokwera pamwamba pa phiri, kumene madzi osefukira sangafike.

Munthu amene boma lidamtuma kukayeza njirayo mu 1879 anali Thomas Bain. Iye adabadwa mu 1830, ndipo ntchito adaiphunzira kwa bambo wake, Andrew Geddes Bain, amene adamanga msewu wa Bain's Kloof wotsegulidwa mu 1853. Thomas Bain adamanga misewu yodutsa m'mapiri yoposa 20 pa moyo wake, ndipo anthu ankati diso lake linkayeza kutsetsereka kwa phiri ngati chipangizo cha oyeza malo. Ankayenda pakavalo ndi pansi, kufunafuna pamene ng'ombe zokoka ngolo yodzaza zingakwere osagwa mphwayi.

Ntchito yomanga idayamba mu 1881, koma sidayambe ndi Bain. Boma lidaipereka kwa kontirakitala wina dzina lake John Tassie, amene adabwera ndi antchito pafupifupi 100 ochokera ku Delagoa Bay, kumene lero kuli mzinda wa Maputo ku Mozambique. Anthu ameneŵa, ozoloŵera kutentha kwa m'mbali mwa nyanja, adapezeka akuphwanya miyala pa phiri lozizira. Patapita miyezi 13 anali atamanga makilomita 6 okha, ndipo Tassie ndalama zidamthera. Mu 1883 Bain adaitenga ntchitoyo, ndipo antchito ake anali akaidi oposa 200.

Apa tiyenera kuima pang'ono, chifukwa mpamene pagona nkhani. Kugwiritsa ntchito akaidi pa misewu sikudayambe ndi Swartberg. Kudakhazikitsidwa mu 1843 ndi John Montagu, mlembi wamkulu wa boma la atsamunda ku Cape, amene adaona kuti boma lilibe ndalama zolipira antchito, koma lili ndi ndende zodzaza. Kuyambira pamenepo misewu yambiri yotchuka ya m'mapiri a Cape idamangidwa ndi anthu omangidwa. Ambiri mwa akaidi a pamisewu imeneyi anali anthu akuda ndi makaladi, ndipo ena anali zidzukulu za Akhoikhoi ndi Asan omwe aja amene dziko lawo lidatengedwa ndi alimi achizungu. Munthu ankatha kuloŵa m'ndende chifukwa cha nkhosa imene adaba pa dziko limene agogo ake ankadyetsapo zawo.

Zida zawo zinali mapiki, mafosholo, nyundo zazikulu, zitsulo zotembenuzira miyala, mawilibala ndi wonga wophulitsira. Thanthwe likakanika, ankasonkha moto pamwamba pake mpaka litatentha, kenaka nkulithira madzi ozizira kuti ling'ambike. Miyala yophwanyidwayo ankaisema ndi kuisanja m'makoma ochirikiza msewu, popanda simenti ngakhale dothi lomatira. Mwala uliwonse unkakhala pa unzake mopendekera mkati mwa phiri, kotero kuti kulemera kwa msewu kunkalimbitsa khoma m'malo moligwetsa. Ena mwa makoma ameneŵa amafika mamita 13 kutalika kwake. Popeza mulibe simenti, madzi a mvula amadutsa m'mipata ya miyala osadikha kuseri kwa khoma, ndipo Bain adaikanso ngalande zambiri zodutsa pansi pa msewu. Ichi ndicho chinsinsi chimene chasunga makomawo zaka zoposa 130, ngakhale kuti lero pamadutsa galimoto zimene iye sadazilote.

Msewu udatsegulidwa ndi mwambo pa 10 Januwale 1888. Pafupi ndi pamwamba padamangidwa nyumba yolipirirapo msonkho wa njira. Thomas Bain adamwalira mu 1893, ndipo dzina lake lili m'mabuku, pa zikwangwani ndi m'kamwa mwa aliyense woperekeza alendo. Koma amene amatsika mbali ya kumpoto amadutsa mabwinja a miyala otchedwa Blikstasie, kumene akaidi ankatsekeredwa usiku. Mlendo akaima pamenepo sapeza mndandanda wa maina awo, monganso sapeza wa anthu aja a ku Delagoa Bay. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sitinena izi pofuna kuchepetsa luso la Bain, pakuti luso lake ndi loona ndipo makoma ake ndi mboni. Tingonena kuti mwala uliwonse wa m'makomawo udanyamulidwa ndi munthu amene sadafunsidwe ngati afuna.

Ulemerero wa msewuwu pa zamalonda sudakhalitse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 njanji idafika ku Oudtshoorn kwenikweniko, ndipo mu 1914 malonda a nthenga za nthiŵatiŵa adagwa. Pambuyo pake msewu wa Meiringspoort udakonzedwa ndi kuthiridwa tala mu 1971, kotero malole onse adatsata kumeneko. Swartberg idatsala yafumbi monga adaisiyira Bain, ndipo kuiŵalika kumeneku ndiko kudaipulumutsa. Mu 1988, itakwanitsa zaka 100, boma lidailengeza kukhala chuma cha mbiri ya dziko, ndipo mu 2004 mapiri a Swartberg adaloŵa m'gulu la malo amene bungwe la UNESCO limateteza chifukwa cha zomera zake zosapezeka kwina kulikonse.

Tsopano tibwererenso pamwamba pa phiri, chifukwa tidasiyapo msewu wachiŵiri. Munthu akatsika pang'ono kuchokera pa Die Top kuloŵera kumpoto, amaona kamsewu kopatukira kumadzulo. Chikwangwani chake chimachenjeza kuti makilomita 37 amene ali kutsogolo amatenga maola aŵiri. Kamsewuka kamakwera ndi kutsika zitunda zopanda nyumba ngakhale imodzi, kumene mungakumane ndi anyani ndi zinkhoma zokha, kenaka mwadzidzidzi kamafika pamphepete pa phompho. Pansi penipeni pamaoneka kachigwa kobiriŵira, kotalika makilomita pafupifupi 20 koma kopapatiza kwambiri, kozingidwa ndi mapiri mbali zonse. Kameneka ndi Gamkaskloof, chigwa cha mtsinje wa Gamka, dzina la Akhoikhoi lotanthauza mkango. Msewu umatsikiramo ndi makhota otsatizana, ndipo umathera momwemo. Woloŵa ndi galimoto amatulukira pomwe adaloŵera.

Anthu oyamba kukhala m'chigwachi anali Asan ndi Akhoikhoi, ndipo zojambula zawo zikadali m'mapanga. Mu 1830 mlimi wachibunu dzina lake Petrus Swanepoel adakhazikikamo, ndipo pambuyo pake mudabwera mabanja ena, monga a Cordier, a Mostert ndi a Marais. Kwa zaka zoposa 130 anthu ameneŵa, amene chiŵerengero chawo chinkangopitirira pang'ono 100, adakhala opanda msewu. Ankalima tirigu, ndiwo zamasamba, mphesa ndi nkhuyu, ankaŵeta mbuzi, ndipo nyumba zawo ankamanga ndi dothi, miyala ndi mitengo ya momwemo. Zipatso zouma ankazisenzetsa abulu ndi kutsata mtsinje mpaka kumene ogula ankaŵadikira, nabwerako ndi mchere, shuga, khofi ndi nsalu. Njira ina yotulukira inali yokwera thanthwe, ndipo ankaitcha Die Leer, ndiye kuti makwerero. Anali ndi kasukulu kawo kamene kankagwiranso ntchito ya tchalitchi, ndipo amayi oyembekezera ankathandizidwa ndi azamba a momwemo.

Pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi, mu 1901, msilikali wachinyamata dzina lake Deneys Reitz adasochera m'mapiriwo ndi anzake, natsikira m'chigwachi. M'buku lake lotchedwa Commando adafotokoza za mlimi wovala zikopa za mbuzi amene adaŵalandira bwino, naŵapatsa chakudya ndi kuŵasonyeza njira. Anthu akunja ndiwo adapatsa chigwachi dzina lakuti Die Hel, ndiye kuti Gehena, chifukwa cha kuvuta kwa njira yake. Eni ake dzinali ankadana nalo. Iwo ankadzitcha Kloovers, anthu a m'chigwa, ndipo kwawoko sankakuona ngati Gehena konse.

Komabe msewu ankaulira, monga timaulirira ife. Wodwala kwambiri ankachita kunyamulidwa kudutsa mapiri, ndipo chitofu chachitsulo kapena pulawo zinkaloŵa pamapewa a anthu. Mu 1958 galimoto yoyamba idaloŵa m'chigwamo msewu kulibe. Anthu adachita kuikoka ndi kuikankha motsata mtsinje. Mu 1959 mkulu woyang'anira chigawo cha Cape, Dr. Otto du Plessis, adafika m'chigwamo nalonjeza msewu. Iye adamwalira ntchito isanathe, koma lonjezo lidasungidwa. Nthaŵi imeneyi panalibenso gulu la akaidi mazana: katapila ndi kagulu ka antchito oŵerengeka ndiwo adaboola njira, ndipo msewu udatsegulidwa mu 1962.

Zimene zidatsatira palibe amene adaziyembekeza. Msewu udabweretsadi dokotala, wogula zipatso ndi katundu wa m'sitolo. Koma udasonyezanso achinyamata kuti kuseri kwa phiri kuli sukulu zapamwamba, ntchito zamalipiro ndi magetsi. Ana amene adapita kukaphunzira ku Prince Albert, ku Calitzdorp ndi ku Oudtshoorn sadabwerere kudzalima. Minda inali yaing'ono, yokwanira kudyetsa banja koma yosakwanira kupikisana ndi alimi aakulu a kunja, ndipo zaka za chilala zidaonjezera mavuto. Makolo okalamba adatsata ana awo. Sukulu idatsekedwa mu 1980, ndipo mu 1991 mlimi womaliza adachoka. Mudzi umene udapirira zaka zoposa 130 wopanda msewu sudakwanitse zaka 30 msewu utabwera. Mbali yaikulu ya chigwacho tsopano ili m'manja mwa bungwe la boma losamala zachilengedwe lotchedwa CapeNature, ndipo amene amatsika makhota aja masiku ano ndi alendo odzaona kumene kunkakhala anthu.

Kodi tinene kuti anthu a ku Gamkaskloof adalakwa kupempha msewu? Iyayi. Palibe mayi amene adataya mwana chifukwa cha kutalika kwa chipatala amene angavomere zimenezo, ndipo ambiri mwa amene adachoka adapeza moyo wopepukirapo kumene adapita. Sibwino kuti ife, kapena mlendo wa m'galimoto yabwino, tizifunira ena umphaŵi chifukwa choti ukukongola pa chithunzi. Koma walira mvula walira matope. Msewu uli ndi mathero aŵiri, ndipo anthu amayenda kuloŵera kumene kuli zimene akusoŵa. Ngati sukulu yabwino, chipatala, msika ndi ntchito zili kumathero amodzi okha, msewu umasanduka ngalande yotulutsa anthu. Ku Gamkaskloof boma lidabweretsa msewu wokha, ndipo zina zonse zidatsala kuseri kwa phiri.

Tsono omvera athu, inu a ku Misuku, a ku Neno, a ku Dedza ndi a kwina kulikonse kumene phiri lidaima pakati pa mudzi ndi msika, pitirizani kupempha msewu, pakuti ndi woyenera. Koma pamsonkhano womwewo funsaninso chimene chidzasunge ana anu pamudzi msewuwo ukadzafika. Ndipo tsiku lina mukadzayenda pa msewu wakale wa m'phiri, kaya ndi kwathu kuno kaya ndi kunja, galimoto ikaima kuti injini izizire, tsikani muyang'ane khoma limene lachirikiza msewuwo. Ŵerengani miyala khumi yokha, ndipo mukumbukire kuti uliwonse udafika pamenepo pa phewa la munthu.